Kulondola Nthutumba ku Zomba

Ndinakwera minibasi pa Limbe Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe kuwawa, fuduwoma, poto wosunga chakudya kuti chisazizire, ili pamiyendo, mkwiyo umene ndinagona nawo uli pachifuwa. M'fuduwomamo munali tambala wanga wofiira amene ndinkasungira Khirisimasi. Ndinamupha n'kumuphika mbandakucha, ndipo sindinamumvere chisoni. Kondakitala anati ku Zomba ndi sikisi sauzande, ndipo ine, amene pa Limbe ponse amandidziwa kuti sindikwera galimoto ndisananenerere, ndinangopereka osatsutsa. Mtima unali utafika kale ku Zomba.

Ndifotokoze chimene chinandinyamula. Amuna anga, bambo a Tadala, chipumire pa ntchito yawo ya ukalaliki analowa gulu la zisudzo la kutchalitchi kwathu. Sindinawaletse. Ine ndine telala, ndimakhala pamakina tsiku lonse, ndipo mwamuna wopuma ntchito akangokhala pakhomo amayamba kufunsa kumene kwapita machesi. Chilimwe chino gulu lawo linaitanidwa ku chikondwerero cha zisudzo za pabwalo ku Zomba, cha sabata yathunthu. Ndinawasitira malaya ndi manja angawa, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Pakati pa sabata anatumiza chithunzi pa gulu lathu la pafoni limene timacheza ndi ana. Inali mbale ya mpunga ndi nkhuku, pansi pake atalemba kuti, "Kuno tikudya ngati mafumu." Ana anaseka. Ine ndinakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga anandiphunzitsira Tadala, ndipo pambali pa mwendo wa nkhuku ndinaona nthutumba. Ndinati mwina zangochitika. M'mawa mwake kunabwera chithunzi china: mbale yomweyo yachitsulo ya maluwa ofiira, nthutumba ili pomwe paja, ndipo pakona pakuoneka dzanja la mkazi lovala chibangiri cha mkuwa.

Inu amene munakulira nkhuku za m'filiji mwina simukuonapo vuto. Nkhuku ili ndi miyendo iwiri ndi mapiko awiri, koma nthutumba ndi imodzi, ndipo kwathu imapita m'mbale ya mwini nyumba. Mkazi amaiphika, mwamuna wake ndiye amaidya. Wogulitsa chakudya sangamapatse kasitomala mmodzi yemweyo nthutumba tsiku ndi tsiku mwangozi. Mkazi amene akusungira mwamuna wako nthutumba akunenapo kanthu, ndipo ine ndinkafuna ndikamuone nkhope. Bambo a Tadala sindinawauze kuti ndikubwera.

Tinadutsa pa Njuli fumbi likulowera pawindo losatseka. Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire wa jekete lakuda, kutentha konseko, amene kuyambira pa Mapanga ankangonunkhiza mphepo ngati akufuna kuyetsemula. Titaima pa Namadzi, azimayi atatizungulira ndi nthochi ndi mtedza wophika, munthuyo analephera kupirira.

"Amayi, m'potomo mwagona tambala eti? Wa lokolo ameneyo, sindingalakwitse."

"Mwalondola."

"Mukukaona wodwala?"

"Eya, wodwala."

"Pepani. Akudwala chiyani?"

"N'zimene ndikukafufuza."

Anandiyang'ana, nayang'ana fuduwoma, n'kugula nthochi zake. Pa Thondwe unali tsiku la msika, ndiye tinayenda ngati tikuperekeza maliro, pakati pa njinga zonyamula mbuzi ndi milu ya kaunjika. Kondakitala anakweza anthu ena atatu pamalo pamene panalibe malo, ndipo mayi wina anafuna kundithandiza kunyamula poto wanga. Ndinakana mwaulemu.

Tinalowa mu Zomba dzuwa litakwera ndithu. Amene simunafikeko, phiri la kumeneko silikhala patali ngati mapiri ena. Limaima kuseri kwa nyumba zenizenizo, ukatukula maso n'kumaliona likukuyang'ana. Mitengo ya m'misewu inali itachita maluwa ofiirira amene amayoyokera pansi nyengo ino. Tauni yokongola, ndivomere, koma ine tsiku limenelo kukongola kulikonse kunkangondiwonjezera ukali. Ndinkati, ndiye chifukwa chake munthu uja sakufunsa n'komwe za kunyumba.

Sindinkadziwa kumene amadya. Chimene ndinali nacho ndi mbale ya maluwa ofiira ndi chibangiri, basi. Ndinayambira m'malesitilanti a pafupi ndi msika waukulu, ndipo poti sungalowe mwa eni ake kukangoyang'ana mbale, ndinkaitanitsa kanthu. Moyamba ndinamwa tiyi ndi chikondamoyo. Mbale zake zinali zapulasitiki. Mwachiwiri mayi wake anandiwerengera ndiwo ngati akuimba: mlamba wowamba, matemba a ku Chilwa, mang'ina, nyemba, nkhwani wotendera. Ndinalawa nkhwaniwo ndi mpunga pang'ono, ndipo amene mukupita ku Zomba ndi ndalama zochepa, idyani kumsikako, simudzadandaula. Ndinafunsa ngati nkhuku yawo imabwera ndi nthutumba.

"Iii amayi, zathu n'za chizungu izi, zimabwera zoduladula kale. Nthutumba zake sitiziona n'komwe."

Ndinamukonda mayi ameneyo.

Wina anandiuza kuti zisudzo zina zikuchitikira ku Chirunga, kumene kuli ana a sukulu ya ukachenjede, ndiye ndinakwera kabaza wa njinga yakapalasa. Ndinapeza gulu la achinyamata litazungulira pansi pa mitengo, ena atadzola mwaye kumaso, akukuwa za boma. M'mbali mwa msewu munali ziwaya zokhazokha: tchipisi, zigege, soseji zodula pakati, mazira okazingira m'tchipisi momwemo. Kumeneko kulibe mbale. Amakupatsa m'kajumbo ndi kamtengo kobayira, umadya uli chiimire, tsabola wa kambuzi akukutulutsa misozi. Ndinagula zigege kuti ndipeze pofunsira. Mtsikana wina wa tsitsi lalitali lolukidwa, amene ankadya pafupi nane, anati magulu a m'matchalitchi akusewera kuphiri, pafupi ndi damu.

"Anti, mukaone gulu la ku Limbe. Kuli adadi ena ake, amasewera ngati nkhalamba yofunsira mayi wamasiye. Amatha zinthu! Azimayi amachita kugubuduka pa kapinga."

"Azimayi ati?"

"Onse, anti."

Kunyumba bambo a Tadala anandiuza kuti amasewera ngati mkulu wa mpingo. Zigege zija ndinamusiyira mtsikanayo.

Kukwera phiri pali matakisi, koma amadikira adzaze, ndipo ine ndinalibe mtima wodikira. Wa njinga yamoto anati faifi sauzande. Anali bambo wandevu, wa chipewa chosweka chimene anandibwereka kuti ndivale pamwamba pa duku. Ndinaika fuduwoma pakati pa iye ndi ine. Msewu wake ndi wa tala koma wokhotakhota, mbali ina phiri, mbali ina phompho limene sindinafune kulidziwa kutalika kwake. Tinkakumana ndi azibambo akutsetsereka ndi njinga zosanjikiza nkhuni kupitirira mitu yawo, akugwira mabuleki ndi nsapato, ndi azimayi osenza mitengo yaitali kuposa khomo la nyumba. Pokhota pena anyani anakhala pamwala n'kumatiyang'ana ngati apolisi a pamsewu.

"Amayi, gwirani ine, osati poto!"

"Poto ameneyu ndi amene ndabwerera. Inu yang'anani kutsogolo."

Penapake anaima kuti ndione kumunsi. Tauni yonse inali ngati mbewu zoyanika pamphasa, ndipo kutali nyanja ya Chilwa inkangoyera mu utsi wa chilimwe. Mphepo inasintha, thukuta linauma, m'makutu munatseka. Kumtunda kuja ndi dziko lina. Tengani juzi ngakhale pansi pakuwotcha.

Tisanafike kudamu anthu ogulitsa zipatso anatithamangira ndi timbale ta sitiroberi, mabulosi achikasu, magalagadeya ndi mbatatesi zazing'ono zofiira. Mtengo woyamba umene amatchula ndi wa azungu, ukaseka, amatsitsa. Sindinagule. Ndinkamva kale ng'oma ndi phokoso la anthu.

Bwalo lake analikonza pa kapinga pafupi ndi madzi a Mulunguzi, nsanja ya matabwa kutsogolo, anthu atayala zitenje pansi, ena atakhala pamwamba pa magalimoto. Kumbuyo kwa anthuwo kunali mzere wa zisakasa za zakudya, utsi uli tolotolo m'mitengo ya paini. Ndinayamba kuyendera chimodzichimodzi. Choyamba chinali tenti yoyera ya mipando yovekedwa nsalu, kumene mabwana ankamwa khofi ndi kudya mabanzi oika nyama pakati, pamtengo umene ungakufikitse ku Limbe n'kubwerako. Kumeneko ndinangodutsa, amuna anga ndimawadziwa thumba lawo. Kenako a kanyenya wa mbuzi, amuna okhaokha. Kenako thobwa wa mawere m'zigubu, chimanga chowotcha cha kudimba, chinangwa chophika. Mayi wina wa Chilomwe anali ndi beseni la kalongonda, akukuwa kuti, "Idyani osaopa, ndayamba kuphika dzulo, madzi ndataya kambirimbiri!" Paliponse pamene panali mkazi, ine ndinkapereka moni n'kumayang'ana pamkono. Ena ankaganiza kuti ndikufuna kuwaba wotchi.

Chisakasa chomaliza, pansi pa mtengo waukulu, chinali ndi anthu ambiri kuposa zonse. Ndisanafike n'komwe ndinaziona mbale zija zitasanjikizidwa pathebulo, maluwa ofiira ali psuu.

Njira yonse ndinkayembekezera kamtsikana kopaka milomo, koti ndikathane nako ndi mawu awiri. Amene ndinapeza anali mayi wa msinkhu wanga, wa duku lomanga bwino, chitenje choyera ngakhale ali pamoto, wolankhula mofatsa. Anthu ankamutchula kuti mayi Chikopa a ku Zakazaka. Chibangiri chinali pamkono wamanja. Zimenezi zinandipweteka koposa, chifukwa munthu wotero sudziwa pomuyambira.

Ndinakhala pabenchi, fuduwoma ndinaikankhira pansi n'kuiphimba ndi chitenje.

"Takulandirani amayi. Tikupatseni chiyani?"

"Mpunga ndi nkhuku. Muikemonso nthutumba."

Anamwetulira. "Pepani amayi, nthutumba ili ndi mwini wake. Ndikuikirani chidale, n'chonona."

Ndinadya ndikufunafuna cholakwika. Ndinkapemphera kuti mchere uchuluke, kapena mpunga ukhale phala. Ayi ndithu. Mpunga wa ku Chilwa wonunkhira uja, uliwonse payokha. Nkhuku yofewa koma yosasweka, msuzi wa tomato ndi anyezi basi, wopanda zokometsera za m'mapaketi, koma unkakoma mpaka kumutu. Ndaphika nkhuku moyo wanga wonse ndipo ndikudziwa pamene wina wandiposa. Ndinatsuka mbale ndi chala, ndikudzida.

Anthu atachepa, poti sewero lina linali litayamba, mayi Chikopa anabwera kudzachotsa mbale.

"Mwini wa nthutumba uja ndi abambo akunyumba?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ayi, anga anatisiya kalekale. Ndi bambo ena a zisudzo, a ku Limbe. Tsiku loyamba anafika mochedwa, nkhuku itatha, ndiye ndinangowakokotera zam'poto, momwemo munali nthutumba. Atatha kudya anabwera mpaka kumoto kuno, navula chipewa, nati, 'Mayi, mwaphika.' Amayi inu, ine ndaphikira anthu zaka zambiri. Amadya, amalipira, amapita. Ena amangonena pamene mchere wachepa. Ndiye ndinati bambo amenewa ndiziwasungira. Tsiku lililonse akatha amabwera kudzanena."

"Ali pabanja?"

"Eee, amawatchula akazi awo. Akuti ndi atelala odziwa kwambiri."

"Nanga zophika? Amati amaphika bwanji akazi awowo?"

Anaima kaye, mbale ili m'manja, akuyesa kukumbukira moona mtima. "Zimenezo sananenepo."

Kwathu bambo a Tadala akatha kudya amasamba m'manja n'kufunsa kumene kuli wailesi. Sanandinyozepo chakudya, ndisaname. Koma chipewa sanandivulirepo, ndipo khomo la khitchini yanga sadziwa kuti limatsegukira mbali iti. Ndinakhala pabenchi paja nsanje itakhala pamwamba pa mpunga wa mwini wake.

Dzuwa litapendeka anaitana gulu la ku Limbe. Ndinaima kumbuyo, kuseri kwa galimoto ina. Bambo a Tadala anatulukira atathira ufa kumutu, atavala jekete limene ndinawasokera ine, ali ndi ndodo, akunjenjemera mwadala. Anagwada pamaso pa mayi wamasiye wa m'seweromo, amene ndi mnzanga wa kumvano, n'kuyamba kumuthira mawu okoma: maso ake, mayendedwe ake, mmene amasesera pakhomo. Anavina. Amuna anga, amene pa ukwati wa mwana wawo anangogwedeza mutu, anavina mpaka fumbi. Anthu anaseka mpaka ena kugona chagada, ndipo ine ndinawachitira nsanje onsewo, bwalo lonse, chifukwa ankamudziwa munthu amene ine sindinamuonepo. Pena ndinaseka nawo mosafuna, kenako n'kudzigwira.

Sewero litatha ndinabwerera kuchisakasa kuja n'kukhala pakona. Bambo a Tadala anafika ndi anzawo a m'gulu, ufa udakali m'tsitsi, akupukuta thukuta, anthu akuwagwira chanza. Ena onse anasamba m'manja pa ndowa ya mpopi. Koma amuna anga, mayi Chikopa anawatengera jagi ndi beseni, n'kuwathirira madzi. Kenako anabweretsa mbale yovundikira ndi mbale inzake, naivundukula. Nthutumba inali pamwamba pa mpunga.

Ndinanyamuka ndi fuduwoma yanga, ndinaikhazika pathebulo pafupi ndi mbaleyo, n'kutsegula. Tambala anali akadali wofunda. Nthutumba yake ndinali nditaiika pamwamba kuchokera kunyumba.

"Mayi a Tadala! Mwabwera nthawi yanji?"

"Ndabwera ndi nkhomaliro yanu. Pepani yachedwa, msewu ndi wautali."

Mayi Chikopa anagwira pakamwa. "Amayi inu, bwenzi mutanena."

A m'gulu aja, amene onse amandidziwa, anasiya kutafuna. Mnzanga wa kumvano uja anayang'ana kudamu ngati kwagwa munthu.

"Idyani, bambo," ndinatero. "Mwasewera kwambiri, muli ndi njala."

Ndinkadziwa chimene chichitike, kapena ndinkaganiza kuti ndikudziwa. Mwamuna amene mwalera naye ana saganiza kawiri pa nkhani yotere. Anatambasula dzanja, ndipo dzanjalo linaima pakati pa mbale ndi fuduwoma. Silinaime nthawi yaitali, koma linaima. Anakweza maso n'kuyang'ana mayi Chikopa, mwachisoni, ngati munthu wopepesa asanalakwe. Ndikudziwa kuti ankaopa kumuchititsa manyazi pamaso pa makasitomala ake. Ndikudziwanso kuti pamapeto pake akanatenga yanga. Koma anayamba kuganizira manyazi a mkazi uja, anga anabwera pambuyo.

Sindinadikire kuti dzanjalo lisankhe. Ndinatola nthutumba ya m'fuduwoma, ndinatolanso ya m'mbale ya maluwa, n'kukhala pansi pabenchi moyang'anizana nawo. Ndinayamba ndi yanga.

Chibadwire ndinali ndisanalawepo nthutumba. Kwa makolo anga inkapita kwa bambo, kwanga inkapita kwa bambo a Tadala, ndipo sindinaganizepo zofunsa kuti imakoma bwanji. Ndi kanyama kolimba, kokhuthala, kosafuna changu, ndipo ukamatafuna kukoma kwake kumachita kubwera pang'onopang'ono. Ndinatafuna mosathamanga, anthu onse akundiyang'ana. Kenako ndinadya inayo. Ya mayi Chikopa inali yofewa kuposa yanga, ndipo zimenezinso ndinazimeza.

"Mayi a Tadala," ananong'ona, "pali anthu."

"Ndawaona. Kodi chimene ndakhala ndikukupatsani zaka zonsezi chimakoma chonchi, inu osanena?"

Ndinasamba m'manja pa ndowa ya mpopi ija, ndinawauza kuti tambalayo agawane ndi anzawo ndipo fuduwoma abwere nayo yotsuka. Anaimirira kuti atsike nane, koma ndinati akhale, amalize chimene anabwerera, mawa kuli kutsekera. Mayi Chikopa ananditsatira mpaka pamsewu, akupotokola chibangiri chija.

"Amayi, ine sindinalinge zoipa. Mulungu akundiona."

"Ndikudziwa, mayi."

Ndinkadziwadi. Ndinafuna kumuuza kuti nkhuku yake inali yabwino, koma pakamwa panakana, ndipo mpaka lero sindikumva kuti ndinalakwa.

Potsika ndinakwera takisi, manja ali opanda kanthu, ndiye ndinagula kambale ka sitiroberi n'kumadya ndekha kumpando wakumbuyo. Pa depoti ndinanenerera mpaka kondakitala anandichotsera faifi handiredi. Amene mukufuna kukaonera zisudzo za ku Zomba, pitani, n'zosangalatsa, ndipo njala simukafa nayo: kumsika n'kotchipa, ku Chirunga n'kwachangu, kuphiri n'kokoma. Ine ndinapita kukagwira mkazi wolanda mwamuna ndipo sindinamupeze. Ndinapeza kuti mwamuna wanga amadziwa kuyamika, amadziwa kuvina, amadziwa kumvera munthu chisoni, ndipo zonsezi ananyamula m'chikwama chimene ndinamulongedzera ine n'kukazigawa kwa eni ake a ku Zomba.

Tikulowa mu Limbe dzuwa likulowa, foni inalira m'chikwama. Unali uthenga wochokera kwa bambo a Tadala, osati pa gulu la ana, koma kwa ine ndekha. Analemba kuti tambala uja anthu amulimbirana, ndipo iwo sanadyepo nkhuku yokoma chotero. Pamapeto anaika kuti, "Zikomo mayi, munaphika."

Mawu amenewa ndawadikira kuyambira ndili mtsikana wa chiuno chowonda. Ndinawawerenga kawiri minibasi ikukhota kulowa m'depoti, misozi ikulengeza, ndipo ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira m'mawa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndine wachiwiri kuwamva.